Liwiro Lopulumutsa Mwendo wa a Madamu Kayira

Sekani, atsikana inu, sekani ndithu, koma musaiwale kuti amene mukumusekayo ndi amene ali patsogolo pa chitunda chino, dengu lili pamutu, pomwe inu muli m'mbuyomo kuchita wefuwefu ngati agalu a osaka. Minibasi yalephera kukwera, kondakitala wati titsike tikaipeze pamwamba, ndiye m'malo moti muziyenda mukuti, "Agogo, pang'onopang'ono, mungakomoke." Ndikomoke ine? Ine Esinala Nambewe, amene ndinaliyatsa liwiro kuchokera m'nkhalango ya m'phiri la Ntchisi n'kukaima pakhomo pa chipatala cha ku Dowa thukuta lisanafike n'komwe pachibwano? Amene akuti ndi bodza aime pomwepo, akweze dzanja, ndimuone nkhope bwinobwino. Palibe? Chabwino. Senderani kuno, muziyenda uku mukumva, chifukwa ndaona mayunifolomu a kusekondale mwavalawo, ndipo ndikukudziwani inu, belu la masewero olimbitsa thupi likalira mumakabisala kuchimbudzi n'kumati m'mimba mukupota.

Ine ndinalowa sekondale nthawi ya chipani chimodzi, pasukulu ya atsikana imene inali pakati pa mapiri omwewa, kumene kunkazizira moti nsabwe zinkatsika m'mutu n'kukapempha malo pamoto. Ndinali kamtsikana koonda, kodwala mphumu chibadwire. Chifuwa changa chinkalira ngati wezulo, moti ndikadutsa pafupi ndi bwalo la mpira, osewera onse ankaima n'kumayang'ana woimbira kuti walakwa ndani. Aphunzitsi a masewero amene analipo ankandimvera chisoni, ankandikhazika pansi pa mkuyu kuti ndizilondera nsapato za anzanga. Anzanga akuthamanga, ine ndi nsapato. Anzanga akudumpha, ine ndi nsapato. Ndipo atsibweni anga, amene anali eni mbumba kwathu, anali atanena kale kuti nyengo yozizira ikadzangondigwetsanso, adzabwera ndi njinga kudzanditenga, sukulu ithere pomwepo, ndikakhale pakhomo. Sanali oipa mtima ayi. Anali atataya kale mwana wawo ndi chifuwa chomwecho, ndiye akamva ine ndikutsokomola, nkhope yawo inkagwa.

Kenako kunabwera a Madamu Kayira, mphunzitsi watsopano wa masewero ndi zaumoyo, wochokera kumpoto, mayi wamfupi wojintcha ngati mtondo, wezulo ili m'khosi, nsapato za nsalu zoyera mbuu. Tsiku lawo loyamba anandipeza pansi pa mkuyu paja.

"Iwe, nsapatozi zili ndi miyendo yoti zingathawe?"

"Ayi, Madamu. Ndimadwala mphumu."

"Ndamva kale, chifuwa chako chandiuza ndili ku ofesi. Dzuka."

Musaganize kuti anandithamangitsa, ayi. Ananditenga okha kupita nane kuchipatala, anakafunsa adokotala zimene thupi langa lingathe ndi zimene silingathe, tinabwerako ndi timapiritsi m'kabotolo. Ndiyeno anayamba kundiphunzitsa chinthu chimene ndinkaganiza kuti munthu aliyense amabadwa akuchidziwa: kupuma. Kukoka mpweya ndi mphuno mpaka mimba itafufuma, kuutulutsa pakamwa pang'onopang'ono ngati ukuuzira phala la mwana. Anzanga akamazungulira bwalo, ine ndi a Madamu tinkakwera kachitunda ka kuseri kwa sukulu, poyamba kulekeza pachulu, kenako pamwala waukulu, kenako pamwamba penipeni. Chifuwa chikandithina, sankandiuza kuti pepa ndipo sankandikalipira. Ankangoika dzanja pamsana panga n'kudikira. Dzanja limenelo, ana inu, mpaka lero ndimalimva. M'kalasi namo ankatiphunzitsa kuwiritsa madzi akumwa, kutsuka bala, kuletsa magazi, kumanga fupa lothyoka, ife n'kumaseka kuti kodi tikhala asing'anga.

Mvula isanathe chaka chimenecho mapapo anga anali atakula, ndipo ndikati kukula sindikunena kukula kwa masewera, chifukwa pampu ya mipira itawonongeka ndinkauzira mipira yonse ya pasukulu ndi pakamwa, ndipo mpira wina ndinauuzira mopitiriza muyeso, unandipulumuka m'manja, unakwera, unapitirira nthambi za mkuyu, unapitirira akhwangwala, anthu a ku Malomo anauona ukudutsa n'kumauloza ndi zala, ndipo sindinamvepo kuti unagwa. Mukumva? Ophika akavutika ndi nkhuni zaziwisi ankangotuma mawu kuti itanani Esinala, ine kuuzira kamodzi, moto lawilawi, nyemba zapsa.

Itafika nyengo yozizira, a Madamu anakonza ulendo woti atsikana a kalasi yathu tikakwere phiri la Ntchisi, tikaphunzire kuyenda m'nkhalango, kudziwa njira, kusamalirana. Atsibweni atamva anapalasa njinga kuchokera kumudzi kudzakana.

"Mayi, mwana uyu ndi wodwala. Mukufuna mukamusiye m'phirimo?"

"Bambo, mwana uyu apita ndi miyendo yake, ndipo abwerako ndi miyendo yake. Akalephera, ndimubereka ine kumsana."

Atsibweni anavomera, koma anasiya mawu akuti ndikangobwerako ndikudwala, katundu wanga amangidwe.

Lole ya sukulu inatisiya m'munsi mwa phiri m'mawa n'kubwerera kukatuta nkhuni, kuti idzatitenge dzuwa likapendeka. Tinalowa m'nkhalango, mitengo yake yaitali moti ukati uone nsonga chipewa chimagwa, pansi ponyowa, ndere pamiyala, apusi akutiyang'ana ngati tabwera kudzawalanda malo. Ine ndinali m'mbuyo ndi a Madamu, ndikukoka ndi mphuno, ndikutulutsa pakamwa, mtima uli mbee chifukwa aka kanali koyamba kupita kumene anzanga akupita. Tili pafupi ndi pamwamba, nkhungu inatsika. Si nkhungu imene mumaiona inuyi ayi, imeneyo inali yokhuthala moti mnzanga Rute, katswiri wa liwiro pasukulu yonse, anavula juzi n'kuikoleka pankhungupo, juzi n'kukhala pomwepo ngati pamsomali.

Ndi Rute yemweyo amene anaponda mwala wa ndere m'mphepete mwa khwawa. Anaterereka. A Madamu anamugwira pamkono n'kumukankhira kumtunda, koma iwo mapazi anawachoka. Tinangomva kukhuluka kwa miyala, kenako phokoso ngati nthambi youma ikuthyoka. Titatsikira kumene anagwera, mwendo wawo wakumanzere unali utapindika pamalo pamene mwendo supindika, fupa litaboola khungu, magazi akuyenda kulowa m'masamba. Nsapato yoyera ija inali itafiira.

Atsikana anayamba kulira, ena kuitana amayi awo. A Madamu, milomo itatuwa, anakweza wezulo n'kuiimba kamodzi. Tonse zii.

"Ndinakuphunzitsani chiyani? Chitani."

Tinathyola nsungwi, tinang'amba chitenje, wina anapanikiza bala, ine ndinamanga, tinawafunditsa majuzi athu. Koma magazi ankadonthabe kupyola nsalu, ndipo kuwanyamula panjira yoterera ngati imeneyo m'nkhungu kukanakhala kuwathyola mwendo winawo. Pankafunika munthu woti atsike, akafike kuchipatala cha pa boma la Ntchisi, akaitane galimoto. Tonse tinayang'ana Rute, koma Rute ankangolira n'kumati ndawapha ine, ndawapha ine. A Madamu anatembenuza mutu n'kundipeza.

"Esinala. Anzakowa amadziwa kuthamanga, koma iwe umadziwa kupuma. Pita."

Ine amene ndinkalondera nsapato! Ndinaimirira, ndinakoka mpweya ndi mphuno mpaka mabatani a diresi anathothoka, ndinauzira kutsogolo, ndipo nkhungu inang'ambika pakati ngati nsalu yakale, njira inaoneka mbee kuchokera pamene ndinaima mpaka m'munsi, ndipo ndinaliyatsa, mitengo ikundipatukira, mizu ikubweza zala zake, apusi akuthamangira m'nthambi kuti aone kuti chadutsachi n'chiyani, ndipo pakona pena ndinapeza kambuku atagona chopingasa panjira, sindinamupemphe njira, ndinamudumpha, iye anadzuka ndi mkwiyo n'kuyamba kundilondola, ndinkamva mpweya wake kuzidendene, kenako ndinkaumva patali, kenako nditacheuka ndinamuona atakhala pansi lilime lili panja, akuchita befu ngati mmene mukuchitira inumu, ndipo ndinamumvera chisoni, ndinamukuwira kuti, "Ndi mphuno, achimwene, ndi mphuno!" Mukumva? Ndikulumbira pali dzuwa ili, anatseka pakamwa n'kuyesa.

Tsono muyenera kudziwa kuti masiku amenewo mkazi sankavala buluku, ndipo diresi linkayenera kubisa mawondo, lamulo la boma limenelo. Athu a kusukulu ankafika m'akakolo, ndipo tinkadana nawo pothamanga. Koma tsiku limenelo diresi linandipulumutsa, chifukwa potuluka m'nkhalango panali chigwembe chachikulu, mtengo umene anthu ankaolokerapo unali utagwera pansi, ine liwiro linali litandikwana moti kuima sikukanatheka, ndinangoponda m'mphepete n'kudzipereka, mphepo ya mwera inalowa m'diresi, diresi linafufuma ngati ambulera ya abusa, ndipo ndinayandama, ndinadutsa chigwembe, ndinadutsa dimba la kabichi, ndinadutsa khola la ng'ombe, mayi wina amene ankakumba mbatata ya kachewere anakweza maso n'kugwada poganiza kuti tsiku lomaliza lafika, ine ndinamupatsa moni ndili m'mwamba chifukwa ndinaleredwa bwino, ndipo potera ndinatera m'munda wa bambo wina, mapazi anga n'kung'amba nthaka kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, mizere iwiri yowongoka bwino, moti bamboyo chaka chimenecho anangobzalamo chimanga osagwira khasu.

Nditafika pamsewu ndinakwinya diresi n'kulikweza kuti miyendo ipeze mpata, ndipo pamenepo ndiye zinthu zinaipa, chifukwa ndinapitirira munthu wa panjinga, ndinapitirira thirakitala, ndinapitirira basi ya fumbi imene inanyamuka m'mawa, okwera akusuzumira pamawindo, ndipo ndinangoona chinthu choyera chikuphethira kumanzere kwanga, ndisanafunse kuti chimenechi n'chiyani ndinazindikira kuti chinali chipatala cha ku Ntchisi, boma lonse ndalipitirira! Ndinayesa kuponda mabuleki, zidendene zinafuka utsi, miyendo inakana kumva. Ndinaona kuti pofika poti ndiime, nditembenuke, ndibwerere, ndikhala nditayandikira kale ku Dowa, ndiye ndinati basi, Dowa yomweyo.

Panjira panali chotchinga cha anyamata a chipani, aja ankagoneka mtengo pamsewu n'kumafunsa makhadi, uku akuyang'ana ngati mkazi wavala diresi lalifupi. Ine khadi ndinalisiya kusukulu, mawondo onse ali pamtunda. Koma ndani anawaona mawondowo? Iwo anangomva mphepo, mtengo wawo unazungulira ngati chipapapa, zipewa zawo zinakagwera m'munda wa fodya, ndipo mmodzi wa iwo, amene ndinadzamudziwa atakalamba, anafa akulumbirabe kuti tsiku limenelo kunadutsa kamvuluvulu wonunkhira sopo.

Tsono apa lekani kuseka. Zinazi sekani mmene mungafunire, koma ichi musaseke. Pachitunda chomaliza, madenga a malata a pa boma la Dowa akuoneka kale, mphumu inandipeza. Inandigwira pakhosi ngati munthu amene wakhala akundidikira panjira. Ndinagwa chogwada pafumbi lofiira, mpweya ukulowa ngati ukudzera m'kaudzu, m'maso mukuchita mdima, kabotolo ka mapiritsi ndinali nditakasiya m'thumba la juzi imene ndinawafunditsa a Madamu. Panalibe munthu pamsewu. Panalibe dzanja pamsana panga. Ndinaona njinga ya atsibweni m'maganizo, ndinaona nsapato yofiira ija, ndipo mantha anandiuza kuti dzuka, thamanga, ukuchedwa. Koma a Madamu sanandiphunzitse choncho. Ndinakhala tsonga, ndinaika dzanja langa pamimba, ndinatseka pakamwa. Ndi mphuno. Pakamwa, pang'onopang'ono. Ndi mphuno. Ndinadikira monga ankadikirira iwo, ngakhale mtima unkafuna kutuluka. Ndipo chifuwa chinayamba kumasuka, pang'ono, pang'ono, ngati mfundo yonyowa. Ndinaimirira. Mtunda wotsalawo sindinathamange ayi, ndinayenda, ndipo pa ulendo wonsewo palibe pamene ndimanyadira kuposa pamenepo.

Kuchipatala ndinafotokoza zonse bwinobwino, malo ake, bala lake, mmene tamangira. Namwino wina wamtali anatenga chikwama chake, dalaivala analiza landirova ya chipatala, anakweza machira. Tikutuluka pageti ndi pamene chithunzithunzi changa chinkafika, chili fumbi lokhalokha, chikutsimphina, chifukwa ndinali nditachisiya cha ku Ntchisi kuja, ndipo chinangodziponya pamapazi anga osanena kanthu. Landirova nayo inali ndi mtima wabwino koma mapapo ochepa, pachitunda chilichonse inkatsokomola kuposa ine, ndiye ndinkatsika n'kuikankha, potsetsereka ndinkathamanga patsogolo kulozera njira, mpaka tinafika pamene galimoto singapitirire, n'kukwera wapansi ndi machira.

Tinawamva tisanawaone. M'nkhungu muja munkamveka nyimbo, chifukwa a Madamu anali atawalamula atsikana kuti aziimba kuti asalire, iwo akuwongolera ndi chala chimodzi, thupi lonse litazizira ngati mwala. Namwino atagwada kuti aone mwendo, iwo ankandiyang'ana ine.

"Inakupeza panjira?"

"Inandipeza, Madamu."

"Ndiye unatani?"

"Ndinadikira."

Anatseka maso n'kumwetulira.

Adokotala anati tikanachedwa pang'ono mwendo ukanadulidwa, mwinanso zoposa pamenepo. Mwendo unatsala, ngakhale kuti kuyambira pamenepo ankayenda mokoka. Atsibweni anabweradi ndi njinga yawo, koma pakaliyala panali tambala womangidwa miyendo, osati malo a katundu wanga. Analowa m'chipinda cha odwala, anavula chipewa, ananjuta pafupi ndi bedi ngati ali pamaso pa apongozi.

"Mayi, ine ndinkasunga mwanayu kuti asafe. Inu mwamusunga kuti akhale moyo. Zikomo."

Nkhani yonditulutsa sukulu sinamvekenso. Ndinamaliza, ndinakaphunzira uzamba, ndipo moyo wanga wonse ndakwera mapiri a Dowa ndi Ntchisi kuthamangira amayi amene matenda awayamba, mvula, dzuwa, matope, ndipo mwana aliyense amene ndinamulandira, akamakoka mpweya wake woyamba n'kulira, mumtima ndinkati zikomo a Madamu Kayira. Mphumu sinandisiye ayi, mankhwala opopera ali m'dengu momwemu, koma tinagwirizana kalekale kuti mwini nyumba ndine, iyo ndi mlendo.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti zikomo ameneyo sindinawauze pamaso. Inafika nthawi ina imene aphunzitsi a kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo, ndipo iwo ananyamuka mwadzidzidzi, ine ndili kumudzi wina kutali kuthandiza mayi wa mapasa. Nditamva, nyumba yawo inali kale yotseka. Masiku amenewo zoterezi sunkafunsa mokweza. Ndinangousunga zikomo wanga ngati mbewu m'nsupa.

Zinthu zitasintha m'dziko, ndinakwera basi kupita kumpoto, ndikufunsa mudzi ndi mudzi, mpaka mwana wina anandilozera nyumba ya njerwa pansi pa phiri. Anali pakhonde, tsitsi lonse loyera, ndodo ili pambali, mwendo uja atautambasula padzuwa. Ndinagwada. Ndisanatchule n'komwe dzina langa, anapendeketsa mutu n'kumvetsera.

"Chifuwa chimenechi ndikuchidziwa. Esinala!"

Ndinanena zonse zimene ndinasunga, za mkuyu, za nsapato, za dzanja pamsana, za ana onse amene ndinawalandira, misozi ikugwera pamwendo wawo womwewo. Iwo anandigwira dzanja osalisiya, kenako anakuwa ndi mawu aja ankamveka bwalo lonse, kuitana oyandikana nawo, ana, adzukulu, ngakhale munthu wongodutsa ndi nkhuni.

"Bwerani mudzamuone! Uyu ndi mwana uja ndimakuuzani, amene anasenza landirova pamutu, dalaivala ndi namwino ali momwemo, kuchokera ku Dowa mpaka pamwamba pa phiri la Ntchisi!"

Anthu anasonkhana, akundiyang'ana khosi, ena akuligwira kuti aone kulimba kwake. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti Madamu, ndinangoikankha. Koma ndinawayang'ana, maso awo ali ndi misozi, chibwano chili m'mwamba monyadira, ndipo ndinadzifunsa kuti ndine yani ine woti nditsutse mphunzitsi wanga pamaso pa anthu? Mayi ameneuja sanandinamizepo ngakhale kamodzi. Anati ndidzakwera chitunda, ndinakwera. Anati ndimadziwa kupuma, ndinapuma. Ndiye ngati iwo akuti ndinasenza landirova, atsikana inu, ndinaisenza. Ndinaisenza popanda nkhata, ndipo dalaivala anatulutsa mutu pawindo n'kundichonderera kuti ndichepetse liwiro.